Kampani Yoyeza Matenda Opatsirana kwa Onyamula Okalamba: Zimene Imachita Bwino ndi Zimene Imagulitsa Mopyola

M'dziko la United States muli nyumba zosamalira okalamba pafupifupi 15,000, ndipo palibe tsiku limene limadutsa popanda ena mwa okhala m'nyumbazi kutuluka pa galimoto kupita kukasefetsa magazi chifukwa cha impso zofooka, kukaonana ndi dokotala wa mtima, kukajambulitsa fupa lothyoka, kapena kubwerera kuchokera ku chipatala kumene anagonekedwa. Amene amawanyamula si anamwino a m'nyumbamo ndiponso si ogwira ntchito a chipatala, koma ndi madalaivala ndi othandizira awo a makampani onyamula odwala, anthu amene amalowa m'nyumba zingapo pa tsiku limodzi, nakhala ndi wokalamba m'galimoto yotseka mawindo kwa theka la ola kapena kuposerapo. Ine ndimakonza ndandanda ya ntchito ya anthu otere, ndipo zimene ndikulemba pano ndi mmene ndaionera ntchito ya kampani ina yoyeza matenda opatsirana, imene timailipira kuti izibwera kumene timasungira galimoto zathu kudzayeza ogwira ntchito athu. Dzina lake sindilitchula, chifukwa makampani a mtundu umenewu achuluka ndipo zimene amagulitsa n'zofanana kwambiri, kotero wofuna kusankha imodzi apindula ndi mafunso oyenera kufunsa kuposa ndi dzina.

Chimene chinachititsa kuti ntchitoyi ifunike n'chodziwika bwino. Mu Febuluwale ndi Malichi 2020, COVID-19 itabuka m'nyumba ina ya okalamba ku Kirkland m'chigawo cha Washington, anthu ambiri anamwalira, ndipo ozimitsa moto oposa 20, amene kumeneko ndiwo amathamangira odwala mwadzidzidzi, anaikidwa pa mbindikiro chifukwa anali atalowa m'nyumbayo. Kafukufuku amene anachitika m'nyumba ina ya m'boma lomwelo la King County anapeza kuti mwa okalamba 48 opezeka ndi kachirombo, 27 analibe chizindikiro chilichonse pa tsiku limene anayezedwa. Kuyambira pamenepo zinaonekeratu kuti kufunsa munthu pakhomo ngati akutsokomola ndi kumuyeza kutentha kwa thupi sikungatseke njira ya matenda. Pa 26 Ogasiti 2020 bungwe la CMS, limene limayang'anira nyumbazi m'dzina la boma, linalamula kuti ogwira ntchito aziyezedwa kamodzi pa mwezi ngati opezeka ndi kachirombo m'dera limene muli nyumbayo ali ochepera 5 mwa oyezedwa 100 alionse, kamodzi pa sabata ngati ali pakati pa 5 ndi 10, ndiponso kawiri pa sabata ngati apyola 10.

Lamulolo linaphatikiza makontrakitala ndi ongodzipereka amene amathandiza okalamba m'dzina la nyumbayo, ndipo apa mpamene onyamula odwala anatsala pakati. A ambulansi ya ngozi zadzidzidzi analoledwa kulowa osaimitsidwa pakhomo, popeza munthu amene mtima wake waima sangadikire mapepala. Koma dalaivala wa galimoto yonyamula anthu a pa njinga za olumala, amene amabwera katatu pa sabata kudzatenga mayi yemweyo kupita nawo ku makina osefa magazi, nyumba ina inkamuwerenga ngati kontrakitala n'kumufunsa umboni, pamene ina inkamuona ngati mlendo wongodutsa. Mu Sepitembala 2022 boma linasiya kufuna kuti ogwira ntchito opanda zizindikiro aziyezedwa nthawi ndi nthawi, ndipo pa 11 Meyi 2023 nyengo ya ngozi ya COVID-19 inatha mwalamulo. Zimene zatsala lero ndi mapangano a pakati pa nyumba iliyonse ndi kampani yonyamula odwala, malamulo a chigawo chilichonse, komanso zofunika zakale zimene sizinayambe ndi mliriwo ndipo sizinathe nawo, monga kuyeza chifuwa chachikulu ndi kutsimikiza chitetezo ku matenda a chiwindi a hepatitis B. N'chifukwa chake tikulipirabe woyeza, makamaka m'miyezi yozizira ndi pamene nyumba ina yalengeza kuti matenda abuka.

Chimene kampaniyi imachita bwino kuposa zonse, chimene ndingaiyamikire nacho ngakhale zina zonse zikanakhala zapakatikati, ndicho kutsatira nthawi yathu osati yake. Malo osefera magazi amayamba kulandira odwala oyamba kusanache, kotero galimoto zathu zimanyamuka anthu ambiri akadali m'tulo, ndipo chipatala cha ogwira ntchito chimene chimatsegula dzuwa litakwera sichingatithandize kanthu. Namwino wa kampaniyi amafika galimoto yoyamba isanalire, amayala zipangizo zake mu ofesi osati m'galaji, ndipo dalaivala akapukutidwa ndi kathonje mbali zonse ziwiri za mphuno amapita kukaona mafuta, malamba omangira njinga ndi mabotolo a okosijeni, n'kubwera pakatha mphindi 15 kudzamva zotsatira asanalandire makiyi. Zakuti amayezera mu ofesi si nkhani yaing'ono. Makadi oyezera mwachangu, monga a BinaxNOW a kampani ya Abbott, amayenera kusungidwa pa kutentha kwa pakati pa madigiri 2 ndi 30, kugwiritsidwa ntchito atafunda mofanana ndi m'chipinda, ndi kuwerengedwa pakatha mphindi 15 koma zisanapyole 30. M'galaji yozizira ya mwezi wa Januwale, kapena m'manja mwa munthu amene akuwerenga makadi ambiri nthawi imodzi osayang'ana wotchi, zotsatira zimasokonekera mosavuta. Namwinoyu amalemba nthawi pa kadi iliyonse, ndipo kadi imene mzere wake wotsimikizira sunatuluke amaitaya n'kuyambiranso popanda kutsutsana. Pa ulendo womwewo amayesanso masiki a N95 ngati akugwira bwino kumaso, zimene bungwe la boma loona za chitetezo cha ogwira ntchito la OSHA limafuna kamodzi pa chaka, ndipo sachita manyazi kuuza abambo a ndevu kuti masiki singamatire pa tsitsi.

Pamene ndikusiyana nayo kampaniyi ndi pa mmene imaonetsera zotsatira zimenezi. Kayezedwe kachangu kamafufuza puloteni ya kachirombo, ndipo kamaona bwino pokhapokha kachiromboko katachuluka m'mphuno. Kafukufuku wa bungwe la boma lolimbana ndi matenda la CDC amene anachitika ku Pima County m'chigawo cha Arizona mu Novembala 2020 anayerekeza kadi ya BinaxNOW ndi PCR, kayezedwe kamene kamaona kachirombo ngakhale katachepa kwambiri, napeza kuti mwa anthu okhala ndi kachirombo ndiponso zizindikiro kadiyo inagwira pafupifupi 64 mwa 100 alionse, pamene mwa opanda zizindikiro inagwira pafupifupi 36 okha. Mbali yabwino inali yakuti ikanena kuti munthu ali ndi kachirombo sinkalakwa pafupifupi konse, ndiponso inkagwira ambiri mwa amene anali ndi kachirombo kamoyo kotha kupatsira ena. Pa chifukwa chimenechi, mu Ogasiti 2022 bungwe la boma loona za chakudya ndi mankhwala la FDA linalangiza kuti munthu wa zizindikiro amene sanapezeke ndi kachirombo abwereze pakatha maola 48, ndipo wopanda zizindikiro ayezedwe katatu, kusiya maola 48 pakati pa kuyeza kulikonse. Namwino amafotokoza zimenezi momveka kwa aliyense wofunsa, koma pulogalamu ya pa foni imene kampaniyi imatipatsa sinena kalikonse za izo. Munthu akangopezeka wopanda kachirombo, dzina lake limasanduka lobiriwira, ndipo limakhalabe lobiriwira mpaka tsiku la kuyeza kotsatira, ngakhale tsikulo litakhala la sabata yamawa.

Kuipa kwa mtundu wobiriwirawo kumaonekera pa makomo a nyumba za okalamba. Wolandira alendo akaona foni yobiriwira mtima wake umakhala pansi, sayang'ananso ngati masiki ya dalaivala yaphimba mphuno, ndipo dalaivalayo, amene Lolemba anauzidwa kuti ali bwino, pofika Lachinayi amadzitonthoza kuti kukanda kwa pakhosi ndi fumbi chabe. Kuyeza kuli ngati kuyang'ana kumwamba m'mamawa: kumakuuza za mitambo imene ilipo pa ola limenelo, koma sikulonjeza kuti madzulo mvula sigwa. Fuluwenza amayamba kupatsirana kutatsala tsiku limodzi kuti zizindikiro zioneke, ndipo COVID-19 imachitanso chimodzimodzi kwa tsiku limodzi kapena awiri, kotero munthu woyezedwa Lolemba akhoza kukhala woopsa Lachitatu kwa agogo a mapapo ofooka amene akupuma nawo mpweya umodzi m'galimoto. Tinapempha kuti pulogalamuyo izionetsa tsiku ndi ola la kuyeza m'zilembo zazikulu, ndiponso kuti mtunduwo uzizimiririka pakatha tsiku limodzi kapena awiri. Anatiyankha mwaulemu kuti nyumba za okalamba zimakonda chinthu chosavuta kuwerenga, ndipo mpaka lero sanasinthe. Ndikumvetsa kuti akupereka chimene ogula akufuna, koma chimene chikugulitsidwa pamenepa ndi mtendere wa mumtima, ndipo ndi wochuluka kuposa umene kadi ya mphindi 15 ingathe kutsimikiza.

Zoyeza za PCR, zimene zimachulukitsa chibadwa cha kachirombo mpaka kuoneka ngakhale katachepa kwambiri, kampaniyi imazitumiza ku labotale ya kwina. Mu 2020 CMS inkafuna kuti zotsatira zizibwera pasanathe maola 48, ndipo malire amenewo akadali anzeru, chifukwa yankho lofika dalaivala atanyamula kale okalamba kwa masiku atatu limangothandiza kulemba mbiri ya zimene zachitika. M'kati mwa sabata zotsatira zimafika mawa lake, ndipo pamenepo palibe chodandaula. Zotengedwa Lachisanu masana ndizo zimagonera kwinakwake mpaka Lolemba, chonsecho odwala impso ambiri amasefedwa magazi Lachiwiri, Lachinayi ndi Loweruka, ndipo galimoto zathu sizipuma. Alipo makina ang'onoang'ono, monga a GeneXpert a kampani ya Cepheid, amene amayeza COVID-19, fuluwenza wa mitundu ya A ndi B ndi kachirombo ka RSV, kogwira njira za mpweya, pa kathonje kamodzi ola lisanathe, ndipo kampani yoyeza imene ingakhale nawo pafupi ndingaisankhe ngakhale itakwera mtengo. Phindu lake si kudziwa dzina la matenda kokha. Mankhwala a fuluwenza monga oseltamivir amagwira bwino akayambidwa pasanathe maola 48 chiyambire kudwala, ndipo nyumba ya okalamba ikamva msanga kuti dalaivala anali ndi fuluwenza ikhoza kuyamba kuyang'anira ndi kuteteza amene anawanyamula. PCR ilinso ndi vuto lake, lakuti imatha kuonetsabe kachirombo mpaka miyezi itatu munthu atachira kale. Pulogalamu ya kampaniyi sisiyanitsa wochira ndi wodwala, kotero inaikapo dalaivala wina wochira kalekale pa mtundu wofiira, ndipo zinatengera namwino kuimba foni ku likulu lawo kuti dzinalo lichotsedwe, munthuyo atabwezedwa kale pakhomo la nyumba ina ndipo wodwala wake atachedwa.

Nthawi imene kuyeza kumafunika kwenikweni si ya pa ndandanda, koma pamene foni yalira kuchokera ku nyumba ya okalamba kunena kuti bambo amene tinawanyamula dzana apezeka ndi matenda. Malangizo a CDC a ogwira ntchito zachipatala amati wokhudzana kwambiri ndi wodwala COVID-19 ayezedwe katatu, pa tsiku loyamba, lachitatu ndi lachisanu, ndipo kuyeza koyamba kusachitike maola 24 asanakwane. Apa kampaniyi imagwira ntchito mogwira mtima: tikaipatsa buku la maulendo, imatithandiza kuona amene anakwera galimoto imeneyo, imawerengera aliyense masiku ake, ndipo pa masiku a ntchito namwino amabwera tsiku lomwelo. Inatitsegulanso maso pa chinthu china. Lamulo la Ryan White, monga linakonzedwanso mu 2009, limakakamiza zipatala kudziwitsa ogwira ntchito za ngozi zadzidzidzi akakhudzana ndi matenda ena oopsa, koma dalaivala wa ulendo wokonzedweratu kawirikawiri amangodalira kuti namwino wa nyumbayo akumbuka kuimba foni. Kampaniyi inatilembera ndime yoti tiziika m'mapangano athu ndi nyumba za okalamba, yonena kuti atidziwitse tsiku lomwelo, ndipo ndimeyo yatipindulira kuposa makadi ambiri.

Pa chifuwa chachikulu mpamene ndaona ukatswiri weniweni ndi mtima wamalonda zitakhala pamodzi. Njira yakale ndiyo kubaya kamankhwala m'khungu la mkono n'kudzayeza kutupa kwake pakatha maola 48 mpaka 72, ndipo kwa wolembedwa ntchito kumene imafunika kubwerezedwa pakatha sabata imodzi mpaka masabata atatu, kutanthauza maulendo anayi kwa munthu amene tsiku lonse amakhala pa msewu. Njirayi imasokonezedwanso ndi katemera wa chifuwa chachikulu wa BCG, amene ana ambiri a ku United States salandira koma amaperekedwa kwa makanda m'mayiko ambiri kumene ena mwa ogwira ntchito imeneyi anabadwira, moti munthu wa kachipsera ka BCG akhoza kutupa mkono chonsecho alibe TB m'thupi. Kampaniyi imayeza magazi ndi QuantiFERON-TB Gold Plus, imene sisokonezedwa ndi BCG ndipo imafuna ulendo umodzi wokha. Magazi amatengedwa m'timachubu tinayi ndipo ayenera kulowa m'makina ofunditsira pasanathe maola 16, apo ayi zotsatira zimatuluka zosadziwika mutu wake ndipo munthu amabayidwanso. Kampaniyi imatenga magazi m'mawa, wowanyamula ali kale panjira, ndipo obayidwa kachiwiri chifukwa cha kuchedwa kwa magazi sitinakhale nawo. Kwa ogwira ntchito amene kwa zaka zambiri ankatumizidwa kukajambulitsa chifuwa chifukwa cha kutupa kwa mkono kochokera ku katemera wa ubwana, kusintha kumeneku kwachotsa manyazi ndi kutaya nthawi.

Koma kampani yomweyo inatiikira m'pangano kuyeza TB chaka chilichonse kwa aliyense, ngati kuti ndi lamulo losasinthika. Mu Meyi 2019 CDC pamodzi ndi bungwe la National Tuberculosis Controllers Association inasintha malangizo ake, niti ogwira ntchito zachipatala ayezedwe pamene akuyamba ntchito, koma asamayezedwenso chaka ndi chaka pokhapokha atakhudzana ndi wodwala kapena matendawo akufala pamalo awo a ntchito, ndipo chimene chiyenera kuchitika chaka chilichonse ndi maphunziro a za TB. Chifukwa chake n'chakuti kubwereza kuyeza mwa anthu amene sali pa chiopsezo kumabala zotsatira zonama, moti munthu amaoneka ngati watenga matenda chaka chino, n'kuoneka kuti alibe akayezedwanso. Zigawo zina zili ndi malamulo awoawo okhwima kuposa malangizo a CDC, ndiye wogula ntchitoyi awerenge yekha lamulo la chigawo chake asanasaine, asadalire wogulitsa kuti amuuze. Kuyeza kumene sikuyenera kusowa m'pangano ndi kwa munthu wokhudzana ndi wodwala TB, kumene kumachitika pomwepo ndi kubwerezedwa pakatha masabata 8 mpaka 10.

Chodandaulitsa china pa TB ndi zimene zimachitika munthu akapezeka nayo m'magazi. Zotsatira zoterezi sizitanthauza kuti akudwala kapena kuti akupatsira ena. Pamafunika kumufunsa zizindikiro ndi kumujambula chifuwa, ndipo ngati ndi TB yogona chabe, yosadwalitsa ndiponso yosapatsirana, alipo mankhwala a isoniazid ndi rifapentine akumwa kamodzi pa sabata kwa masabata 12, kapena a rifampin akumwa tsiku ndi tsiku kwa miyezi inayi. Mwa anthu 100 okhala ndi TB yogona amene salandira mankhwala, 5 mpaka 10 amadzadwala nthawi ina pa moyo wawo, ndipo wodwala wotero akamatsokomola m'galimoto ya okalamba ndi tsoka lalikulu. Phindu lonse la kuyeza lili pa kumufikitsa munthuyo ku mankhwala, koma kampaniyi imathera pa kapepala komuuza kuti akaonane ndi dokotala wake, ngakhale ikudziwa kuti ena mwa madalaivala alibe dokotala amene angamutche wawo. Tinachita kulumikizana tokha ndi ofesi ya zaumoyo ya boma lathu kuti anthu otere asangopinda kapepalako n'kukaiwala m'thumba.

Za chiwindi ndinena mwachidule, chifukwa zikuyenda monga ziyenera kuyendera. Lamulo la OSHA la 1991 lokhudza matenda oyenda m'magazi limakakamiza wolemba ntchito kupereka katemera wa hepatitis B kwaulere, pasanathe masiku 10 a ntchito, kwa aliyense amene angakhudze magazi, ndipo wonyamula odwala impso, amene nthawi zina amatuluka magazi pamkono pamene panalowa singano, sangasiyidwe kunja kwa gulu limeneli. Kampaniyi imabaya katemerayu, n'kuyeza magazi pakatha mwezi umodzi kapena iwiri chibayire womaliza kuti ione ngati chitetezo chafika pa mlingo wa 10 mIU/mL. Chimene sindikuona phindu lake ndi kuyeza magazi a aliyense pofufuza chitetezo ku chikuku, matsagwidi ndi rubella, popeza CDC imalandira umboni wolembedwa wakuti munthu analandira katemera wa matenda atatuwa, wotchedwa MMR, kawiri. Oyenera kubayidwa ndi okhawo amene khadi lawo la katemera linatayika.

Palinso gawo limene amalitcha lokwanira, limene wogulitsa wawo amalikankha pa msonkhano uliwonse, ndipo muli kupukuta m'mphuno pofufuza MRSA, bakiteriya wosamva mankhwala ambiri, ndi kupukuta khungu pofufuza Candida auris, fangasi amenenso samva mankhwala ambiri. Mayina amenewa amaopsa aliyense wodziwa nyumba za okalamba, ndipo matendawo ndi oopsadi kwa anthu ofooka, koma kuyeza ogwira ntchito athanzi nthawi ndi nthawi si njira imene akatswiri amalangiza. Tizirombo timeneti timayenda kwambiri pa zinthu ndi pa manja: pa matiresi a machira, pa malamba, pa zogwirira za njinga, pa chingwe choyezera kuthamanga kwa magazi. Candida auris imakhala pa zinthu zouma kwa masabata angapo ndipo mankhwala ena opukutira saipha, njere za C. difficile, bakiteriya wotsekula m'mimba, sizifa ndi mankhwala opaka m'manja okhala ndi mowa koma zimafuna sopo, madzi ndi kulorini, ndipo norovirus, amene amagwetsa nyumba yonse ndi kusanza ndi kutsekula m'mimba, amafuna kuti wodwala akhale kunyumba maola 48 zizindikiro zitatha, popanda kathonje kalikonse. Mphere nayonso imadutsa pa makadi onsewa osaoneka. Ndalama za gawo limeneli n'kwabwino kuzigulira mankhwala oyenera opukutira ndi kuwonjezera mphindi pakati pa maulendo, kuti machira apukutidwe ndi kusiyidwa onyowa kwa nthawi yolembedwa pa botolo.

Ndiyenera kunenanso chinthu chimene si mlandu wa kampani yoyeza, koma chimene chimagamula ngati ntchito yake ikhala ndi phindu. Madalaivala ambiri a ntchito imeneyi amalipidwa pa ola, ndipo munthu amene akudziwa kuti mzere wachiwiri pa kadi, wosonyeza kuti ali ndi kachirombo, umulanda malipiro a sabata yonse amaphunzira msanga kubisa chifuwa, kumwa mankhwala otsitsa kutentha asanafike, ndi kupukuta mphuno pamwamba pokha akaloledwa kudziyeza yekha. Ubwino wina wa kukhala ndi namwino ndi wakuti kathonje amagwira ndiye, koma ngakhale namwino sangayeze munthu amene wasankha kusabwera tsiku loyeza. Wolemba ntchito amene akugula ntchitoyi popanda kulipira masiku a matenda akugula theka lake lokha.

Pa kusunga chinsinsi kampaniyi inayamba molakwika n'kukonza itauzidwa. Poyamba aliyense wa ife okonza ndandanda ankatha kutsegula tsamba la dalaivala n'kuona zonse, kuphatikizapo zotsatira za TB ndi za chiwindi, chonsecho chimene ine ndikufunika kudziwa n'chakuti munthuyo ayende lero kapena asayende. Lamulo la ADA, loteteza anthu olumala, limafuna kuti zolembedwa za umoyo wa wogwira ntchito zisungidwe mwachinsinsi, padera ndi fayilo yake ya ntchito, ndipo OSHA imafuna kuti zambiri mwa izo zisungidwe nthawi yonse imene munthuyo ali pa ntchito kuwonjezeraponso zaka 30. Titadandaula anagawa zilolezo, moti tsopano zonse amaona munthu mmodzi wosankhidwa, ndipo nyumba za okalamba zimaona tsiku la kuyeza ndi yankho lokha. Funso limene wogula aliyense ayenera kufunsa asanasaine ndi lakuti, pangano likatha kapena kampaniyo ikatsekedwa, zolembedwazo zipita kuti ndipo zidzaperekedwa motani, popeza udindo wozisunga umatsala ndi wolemba ntchito.

Kalipiridwe kake kali pawiri: ndalama ya ulendo wa namwino, ndi ndalama ya kuyeza kulikonse, ndipo pali chiwerengero chochepetsetsa cha anthu chimene timalipira ngakhale obwera atachepa. Kadi payokha si yodula. BinaxNOW italoledwa mu Ogasiti 2020 inkagulitsidwa madola 5, ndipo boma linagula makadi 150 miliyoni pa mtengo umenewo. Chimene tikulipira kwenikweni ndi munthu wodzuka usiku, chiphaso cha CLIA chimene lamulo limafuna kwa aliyense woyeza anthu ena n'kupereka zotsatira zachipatala, ndi zolembedwa zimene nyumba ya okalamba ingazikhulupirire. Chiphasocho kampaniyi inachionetsa tisanachifunse, ndipo woyeza amene angazengereze kuchionetsa asapatsidwe ntchito. Kampani yonyamula odwala ya galimoto zambiri, imene ogwira ntchito ake amanyamukira malo amodzi, ipindula ndi ntchitoyi mosakayikitsa. Ya galimoto ziwiri kapena zitatu, kapena imene madalaivala ake amagona ndi galimoto kwawo n'kupita molunjika kwa odwala, ilipira kwambiri ulendo wa namwino, ndipo ingachite bwino kugwirizana ndi makampani ena aang'ono kuti aziyezera pamodzi, kapena kupempha nyumba ya okalamba imene amaitumikira kwambiri kuti iziwayeza pamodzi ndi ogwira ntchito ake.

Ifeyo pangano tilikonzanso, koma osati monga linalili. Tikuchotsamo gawo la MRSA ndi Candida auris, kuyeza magazi a chikuku kwa amene ali ndi makadi awo a katemera, ndi kuyeza TB kwa chaka ndi chaka, popeza lamulo la chigawo chathu silikufuna. M'malo mwake tikufuna namwino wopezeka Loweruka ndi Lamlungu, zotsatira za PCR pasanathe maola 48 pa tsiku lililonse la sabata ndi kuchotseredwa ndalama zikachedwa, munthu wa kampaniyo amene azilondola wopezeka ndi TB yogona mpaka ataonana ndi dokotala, ndiponso tsiku ndi ola la kuyeza zolembedwa pamwamba pa dzina la dalaivala. Zitatu zoyambazo avomera kukambirana, koma pa chomalizacho akuti akafunse kaye amene anawapangira pulogalamuyo.